Nthiti zabwino zili pa mbaula

Anzanga ena amakwera minibasi ziwiri kupita ku mall kukafuna nthiti za nkhumba. Mbale imabwera yonyezimira ndi sosi wa shuga, koma nthawi zambiri nyamayo anayamba aiwiritsa m'madzi, kenaka n'kuionetsa chabe ku moto. Mukulipirira sosi, abale.

Nthiti ili ndi mafuta ndi mitsempha yambiri. Imafuna malasha ofiira opanda lawi, mchere, ndi wootcha wodekha amene aitembenuza mpaka nyama iyambe kusiya fupa yokha. Ngati mufuna ulendo, tsikirani ku Matebeto ku Thornpark, kapena pa michopo ya mbuzi m'komboni madzulo. Yang'anani mbaula musanakhale pansi. Lawi likakhala lalitali, pitirirani: kunja kwapserera, mkati mukali magazi.