Mufti adadziwa nthawi yotula udindo

Sa'id al-Mufti sadali Mwarabu. Makolo ake, a mtundu wa Circassian, adathamangitsidwa ndi Russia kumapiri a Caucasus nkudzakhazikika ku Amman. Komabe mafumu a Jordan adamudalira kukhala nduna yaikulu mu 1950, 1955 ndi 1956.

Ife tikumuyamikira makamaka pa za mu Disembala 1955. Britain idaumiriza Jordan kulowa mgwirizano wa chitetezo wotchedwa Baghdad Pact. Nduna zinayi za ku West Bank zidakana nkutula pansi maudindo. Mufti sadakakamire mpando pofuna kusangalatsa azungu. Ataona kuti boma lang'ambika, nayenso adatula.

Womulowa m'malo, Hazza' al-Majali, adati alimbe mtima asaine, koma zipolowe zidamugwetsa sabata isadathe. Jordan siidalowenso mgwirizanowo.