Womaliza chilango asagulitsidwe ufulu wovota

Mu Novembala 2018, anthu pafupifupi 65 pa 100 alionse amene anavota m'chigawo cha Florida ku America anavomereza kuti omaliza chilango cha milandu ikuluikulu abwezeredwe ufulu wovota, kupatula opha anthu ndi opalamula milandu yogwirira. Anthu pafupifupi 1.4 miliyoni ankayembekezeka kupindula. Chaka chotsatira, aphungu a kumeneko anapanga lamulo, lomwe bwanamkubwa Ron DeSantis anasainira, loti munthu ayambe wamaliza kulipira chindapusa, ndalama za khoti ndi chipukuta misozi asanalembetse m'kaundula wa voti. Khoti la apilo linagwirizana nazo mu Seputembala 2020. Ife tikuti pamenepa boma linatsekula chitseko n'kuimika wokhometsa msonkho pakhomo.

Ena akuti ngongole ndi ngongole, ndipo wolakwiridwa ayenera kupepesedwa. Sitikukana. Koma njira zotolerera ngongole zilipo kale, ndipo voti si chikole. Anthu awiri opalamula mlandu wofanana, otuluka m'ndende tsiku limodzi, wina akavota chifukwa abale ake ali ndi kangachepe, mnzake ayi. Apo chikusiyanitsa anthu ndi thumba, osati khalidwe. Choipa kwambiri n'choti Florida inakhazikitsa lamuloli ilibe kaundula mmodzi wosonyeza ngongole ya aliyense. Munthu ankayenera kuyenda ofesi ndi ofesi kwa akalaliki a makhoti, kufufuzitsa mafayilo a zaka makumi apitawo, kenako n'kusaina fomu yolumbira kuti ndi woyenera kuvota, akudziwa kuti akaphonya ndi mlandu wina.

Mantha amenewa ali ndi maziko. Mu Ogasiti 2022 boma linalengeza zomanga anthu 20 chifukwa chovota mu 2020. N'zoona kuti milandu yawo yakale inali m'gulu loletsedwa lija. Komatu ena mwa iwo anali atalandira makadi ovotera kuchokera ku maofesi a zisankho. Nanga wosunga mafayilo akalephera kuona cholakwika, wopanda mafayilo angachione bwanji?

Bungwe la Florida Rights Restoration Coalition, lomwe Desmond Meade analitsogolera pa kampeni ya 2018, lakhala likusonkhetsa ndalama zolipirira anthu ngongolezi. Tikuliyamika, koma ufulu usamadalire kuti akufuna kwabwino asonkha zingati. Udindo ndi wa boma: munthu akafunsa ngati angavote, ayankhidwe polemba tsiku lolembetsa lisanadutse, ndipo amene wauzidwa kuti inde asadzagogoderedwe ndi apolisi m'mamawa.