Mtima wa mwana ukakhala ndi vuto, musaiwale ubongo wake

Mwana akamatuluka thukuta poyamwa, akamapuma mwawefuwefu ndiponso sikelo yake ikapanda kukwera, kumudzi mlandu umagamulidwa msanga. Ena amati ndi tsempho, makolo sanadike. Ena amati pali dzanja la munthu. Inu makolo ndi mavolontiya a zaumoyo a ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, dziwani kuti zizindikiro zimenezi zingathenso kusonyeza kuti mwana anabadwa ndi mtima wosapangika bwino. Vutoli si lachilendo. Padziko lonse limagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse obadwa.

Mwana wotere akapezeka, tonse timathamangira kumtima, ndipo n'zoyenera. Koma ubongo wakenso umafuna chisamaliro chomwecho, chifukwa mavuto ake ena amayamba mwanayo asanabadwe.

Mtima umayamba kugunda patangotha milungu itatu mayi atatenga pakati, ndipo pofika milungu 8 umakhala utapangika. Nthawi imeneyi amayi ambiri amakhala asanayambe sikelo, ena asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera. Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo ake. Mpweya wa okosijeni ndi chakudya amazilandira kuchokera kwa mayi kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Mtima wabwinobwino umatumiza magazi okhala ndi mpweya wambiri kumutu choyamba, monga mmene mlimi wa mthirira amatsegulira madzi kumbewu zanthete. Koma mitsempha ikuluikulu ya mtima ikasinthana malo, kapena mbali yakumanzere ya mtima ikakhala yaing'ono kwambiri, ubongo umalandira magazi ochepa mpweya. Izi zimavuta kwambiri m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, pamene ubongo umakula mofulumira.

Mu 2007, Steven Miller ndi madokotala anzake ku San Francisco, m'dziko la America, anajambula ubongo wa makanda a mavuto aakulu a mtima asanachitidwe opareshoni. Anapeza kuti ngakhale anawo anabadwa masiku atakwana, ubongo wawo unkafanana ndi wa ana obadwa masiku osakwana. Mu 2010, Catherine Limperopoulos ndi anzake anajambula ana akadali m'mimba ndipo anaona kuti ubongo wa ana a vuto la mtima umatsalira pa kakulidwe m'miyezi yomalizayo.

Musataye mtima pomva izi. Mavuto ambiri a mtima ndi aang'ono. Tizibowo tina ta mumtima timatsekeka tokha ndipo mwana amakula ngati anzake. Ngakhale mwa ana a mavuto aakulu, ambiri amayenda, amayankhula ndi kuphunzira. Kungoti ena amachedwa kukhala pansi, kuyenda kapena kuyankhula, ndipo kusukulu amavutika kutchera khutu nthawi yaitali. Mwana wotere si waulesi, sanalodzedwe, ndipo mayi ake alibe mlandu. Nthawi zambiri chimene chayambitsa vutoli sichidziwika.

Pali zina zimene tingapewe. Matenda a rubella akagwira mayi pakati padakali pang'ono amawononga mtima, maso ndi makutu a mwana. Dziko lathu linayamba kupereka katemera wa chikuku ndi rubella mu 2017, choncho mwana wanu akabayitsa amatetezanso amayi oyembekezera a m'mudzi mwanu. Mayi wa matenda a shuga kapena amene amamwa mankhwala a khunyu akambirane ndi achipatala asanatenge pakati, koma asasiye mankhwala payekha. Mowa usakhudze pakamwa pa mayi woyembekezera. Kuno kuchigwa cha kunyanja malungo ndi ambiri, ndipo malungo ndi kuchepa kwa magazi zimachepetsa zimene mwana amalandira kudzera mu nsengwa. Masikito, Fansidar wa kusikelo ndi mapilisi owonjezera magazi zimathandizanso ubongo wa mwanayo. Bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala ka 8 ndipo ajambulidwe kamodzi milungu 24 isanakwane.

Mwina mukufunsa kuti kudziwa zonsezi kuli ndi phindu lanji, poti ana ambiri ofunika opareshoni ya mtima amadikira kutumizidwa kunja, monga ku India. Funsoli ndi lomveka. Koma pamene mukudikira, ubongo wa mwana ukukulabe, ndipo zambiri zimene ukufuna zili pakhomo panu. Muyamwitseni pafupipafupi, pang'onopang'ono, chifukwa amatopa msanga. Muziyankhula naye, kumuimbira ndi kusewera naye. Asaphonye katemera, ndipo chifuwa kapena kutentha thupi zisagone m'nyumba. Akafika msinkhu, apite kusukulu ya mmerampoyamba ngati achipatala avomereza, ndipo aphunzitsi auzidwe za vuto lake.

Inu mavolontiya, poyendera makomo musamangoona mzere wa sikelo m'kabuku. Yang'anani lilime, nkhama ndi zikhadabo ngati zikubiriwira. Funsani ngati mwana wamkulupo amanyonyomala kawirikawiri akatopa posewera. Funsaninso ngati wakhala pansi yekha pofika miyezi 9, ngati wayenda pofika miyezi 18, ndiponso ngati akulumikiza mawu awiri pofika zaka ziwiri. Mukaona kuchedwa, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo kuti mwana aonedwe kuchipatala chaching'ono cha Golomoti kapena ku Mua Mission. Kumeneko angamutumize ku Dedza kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akajambulidwe mtima.

Ndipo inu makolo, mukalowa m'chipinda cha dokotala musathere pa funso la mtima. Muuzeni zimene mwana wayamba kuchita ndi zimene sanayambe, ndipo mupemphe kuti zilembedwe m'kabuku kake kuti aliyense womuona pambuyo pake azitsatira.