NYANJA YAMCERE IYAMBIRA KU CHAMBOLI

Pa 18 February, 2025, khoma la damu losungiramo zotsalira za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi okwanira malita 50 miliyoni, monga momwe zinalengezedwera pa nthawiyo, anasefukira mumtsinje wa Mwambashi, ndipo kucokera m'menemo analowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zitafa, mbeu za m'madimba zinapserera, ndipo makina opopa madzi a mzinda wa Kitwe anatsekedwa. Boma linatumiza ndege za asilikali kukawaza laimu mumtsinje kuti ukali wa asidi uphwe. Ku Chamboli, ku Wusakile ndi m'makomboni ena, amai analawirira ndi zidebe pamutu, pakuti mipope inali itauma.

Anthu a ku Chamboli sanagumule khomalo, ndipo ambiri a iwo sanafikeko n'komwe pamalo pamene linali. Mlandu wao unali umodzi wokha: amakhala kunsi kwa mtsinje. Cimene cinatayika kumtunda cinawapeza pakhomo. Nyuzi ino ikupempha mzika iliyonse kuti isaiwale phunziro limeneli, ndiponso kuti ilitembenuze. Ngati ife tili kunsi kwa Chambishi, alipo anthu ena amene ali kunsi kwa ife, ndipo otsiriza mwa iwo ndiwo asodzi a m'mphepete mwa nyanja yamcere ya India ku Mozambique.

Tiyeni titsate madziwo ndi maso athu. Kafue amayambira kufupi ndi malire a dziko la Congo, napyola pafupi ndi Chingola ndi Kitwe, natsikira ku damu la Itezhi-Tezhi ndi ku madambo akulu a Kafue Flats. Pafupi ndi tauni ya Kafue mzinda wa Lusaka umatungapo madzi ake akumwa. Akatuluka m'cigwa ca Kafue Gorge, kumene amapukusa makina a magetsi, amathira mu Zambezi kufupi ndi Chirundu. Zambezi amalandira Luangwa, nalowa m'dziko la Mozambique pa Zumbo, nadzaza damu la Cahora Bassa, napyola mzinda wa Tete, nalandira Shire wocokera ku Malawi, ndipo potsiriza amagawika mitsinje yambiri nathira m'nyanja kufupi ndi Chinde. Ngalande ya kuseri kwa nyumba ku Chamboli ndi gombe la ku Chinde zili pa cingwe cimodzi.

Alipo ena amene adzafunsa kuti, kodi dziko lopanda gombe ngati Zambia lili nazo ciani nkhani za nyanja yamcere? Wofunsa motero waiwala mbiri ya dziko lake. Pamene Ian Smith analanda ulamuliro wa Rhodesia pa 11 November, 1965, mafuta anasowa m'dziko muno, ndipo anatengedwa pa malole m'migolo kucokera ku Dar es Salaam pa mseu umene madalaivala ambiri anatayirapo miyoyo. Mu 1968 mpope wa mafuta wa TAZAMA unafika ku Ndola kucokera ku doko lomwelo. Mu January 1973 Smith anatseka malire, ndipo mu 1976 njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi, inaperekedwa kwa maiko a Zambia ndi Tanzania. Dr. Kenneth Kaunda ndi Mwalimu Julius Nyerere anadziwa kuti dziko lotsekeredwa njira ya kunyanja ufulu wake ndi wa pakamwa cabe. Kufikira lero mkuwa wa kuno ku Migodi umatulukira pa madoko a Dar es Salaam, Beira, Durban ndi Walvis Bay, ndipo feteleza ndi makina zimalowera komweko. Pamene namondwe Idai anasakaza mzinda wa Beira mu March 2019, mseu wocokera ku dokolo unaduka, ndipo katundu wa maiko a kumtunda anaima. Gombe likabvulala, malipiro a wanchito wa pa mgodi amamva kuwawa.

Dziko lathu linazindikira zimenezi kalekale. Pangano lalikulu la United Nations la malamulo a pa nyanja linasainidwa ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica, mu December 1982, ndipo Zambia inalibvomereza mu March 1983, pakati pa maiko oyambirira pa dziko lonse lapansi. Panganoli limapatsa maiko opanda gombe ufulu wofika kunyanja kupyolera m'maiko a anansi ao. Komatu pangano lomwelo limalamula dziko lililonse kuti liteteze nyanja, ndiponso kuti liike malamulo oletsa kuipitsa nyanja ndi zonyansa zocokera pamtunda, kuphatikizapo zodzera m'mitsinje. Tinalandira ufuluwo ndi manja awiri. Udindo umene unabwera nao pamodzi sitingaulandire ndi nsonga za zala.

Kodi kumathero kwa Zambezi kuli ciani cimene tingaononge? Kumene madzi ozizira a mtsinje amakomana ndi madzi amcere kumamera nkhalango za mitengo yochedwa mangrove, imene mizu yake imaima m'matope. Mitengoyi imachinga mafunde ndi mphepo ya namondwe kuti midzi isakokoloke, ndipo m'mizu yake ndimo mumakulira ana a nsomba ndi tizamoyo todyedwa tochedwa prawns. Tikakula, madzi osefukira a nyengo ya mvula amatikankhira kunyanja, ku dera losaya la Sofala Bank, kumene asodzi a ku Mozambique amatigwira ndi kutigulitsa kunja. Akatswiri a za nsomba anaona kale kuti zimene asodzi amagwira m'deralo zimakwera ndi kutsika motsata madzi amene Zambezi amatsitsa. Tsono damu la Kariba, limene linatha kumangidwa mu 1959, la Cahora Bassa la mu 1974 ndi la Itezhi-Tezhi la mu 1977 anasintha kayendedwe ka madziwo. Madamu amasunga madzi a dzinja kuti magetsi apezeke caka conse, ndipo amatsekereza matope ndi mcenga zimene kale zinali kukamanga gombe. Madzi osefukira anacepa, ndipo madambo a ku Marromeu, kumene kumadya njati, anayamba kuuma.

Nyuzi ino sikunena kuti madamu ndi oipa. Cilala ca mu 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika ndipo mabanja anakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi, cinationetsa mtengo wa dontho lililonse losungidwa. Sitikunenanso kuti migodi itsekedwe, pakuti mkuwa ndiwo umabweretsa ndalama zakunja zoposa theka, ndipo Chamboli mwiniyo anamangidwa kaamba ka mgodi wa Nkana. Cimene tikunena n'cakuti tsiku lotsegulira zitseko za damu, ndi mtundu wa madzi amene mgodi umataya, si nkhani za dziko limodzi lokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Zambezi ndi la maiko asanu ndi atatu: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Mwa onsewa, gawo lalikulu koposa la cigwa ca mtsinjewu lili m'dziko lathu, ndipo kasupe wake ali m'dziko lathu.

Mabungwe osenzera pamodzi dengali alipo kale. Pa 1 April, 1980, atsogoleri a maiko asanu ndi anai anakomana mu Lusaka nakhazikitsa bungwe la SADCC, limene mu 1992 linasanduka SADC. Mu 2000 maiko a bungweli anasaina pangano lokonzedwanso la mitsinje yogawana, limene limalamula kuti dziko limene mwagwa ngozi ya pa madzi lidziwitse anansi ake mosazengereza. Mu July 2004, ku Kasane m'dziko la Botswana, kunasainidwa pangano la bungwe loyang'anira mtsinje wa Zambezi, la ZAMCOM, ndipo linayamba kugwira nchito mu 2011. Likulu lake lili ku Harare. Tiyenera kunena coonadi pano: Zambia sinasaine pamodzi ndi anzake ku Kasane, ndipo inalowa m'bungweli mu 2013. Amene wafika mocedwa kudima amalima ndi mphamvu ziwiri.

Ku mbali ya nyanja nako kuli pangano lake. Mu 1985 maiko a m'mphepete mwa nyanja ya India anapangana ku Nairobi za kuteteza nyanja ndi magombe ao, ndipo maiko khumi ali m'panganoli: Comoros, France, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Seychelles, Somalia, South Africa ndi Tanzania. Mu 2010 anaonjezapo cigawo ca kuletsa zonyansa zocokera pamtunda, ndipo mu 2023, ku Antananarivo, anabvomereza cigawo cina ca kayendetsedwe ka magombe. Bvuto likuonekera poyera. A mtsinje amakambirana pa bwalo lao, a nyanja pa bwalo lao, pamene madziwo ndi amodzi. Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, kumene kumacokera madzi ambiri a mtsinje waukulu koposa wothira m'nyanjayi kucokera mu Africa, sali m'pangano la ku Nairobi. Msodzi wa ku Chinde angasunge malamulo onse a gombe lake, koma sangaletse cimene cikutsika ndi madzi kucokera ku makilomita mazanamazana.

Wina asanene kuti ngozi ya ku Chambishi inali tsoka la tsiku limodzi. Mu November 2006 zonyansa za ku mgodi wa Konkola Copper Mines ku Chingola zinalowa mu Kafue, madzi akumwa anatsekedwa, ndipo mu 2011 Bwalo Lalikulu la Milandu linapeza kampaniyo yolakwa pa mlandu umene anthu okwana 2,000 anaisumira. Pakati pa ngozi ziwirizi panapita zaka zoposa 18, nthawi yokwanira kuti mwana abadwe ndi kufika pa msinkhu woponya voti. Asidi amatha ukali akasakanizika ndi madzi ambiri kapena laimu, koma zitsulo zolemera zimene amanyamula sizisungunuka n'kutha. Zimakhazikika m'matope a pansi pa mtsinje, zimalowa m'nsomba, ndipo cigumula cikadza cimazitukula ndi kupita nazo patsogolo. Madzi akatayika saoleka. Nchito yeniyeni ndiyo ya kuteteza khoma lisanagumuke.

Cotero nyuzi ino ikuika pamaso pa Boma ndi pa mtundu wonse zinthu zisanu.

Coyamba, bungwe loteteza cilengedwe la ZEMA, bungwe la za madzi la WARMA ndi ofesi yoona za citetezo m'migodi ayendere damu lililonse la zotsalira za mgodi caka ndi caka mvula isanagwe, ndipo zimene apeza zilengezedwe poyera m'zinenero za anthu. Mabanja okhala kunsi kwa khoma ndiwo ayenera kukhala oyamba kudziwa ngati khomalo lili ndi ming'alu.

Caciwiri, madzi a Kafue ayesedwe nthawi zonse, kuyambira kuno ku Migodi mpaka ku Chirundu, ndipo zotsatira zake zitumizidwe ku ZAMCOM kuti Zimbabwe ndi Mozambique aziona. Tili ndi akatswiri pa Copperbelt University mu Kitwe momwemuno. Apatsidwe zipangizo ndi ndalama za nchitoyi.

Cacitatu, Zambia ipemphe mpando, ngakhale wa womvetsera cabe, pa misonkhano ya pangano la ku Nairobi, ndipo ikakamize kuti bwalo la mtsinje ndi bwalo la nyanja azikomana. Nkhani ya masiku otsegulira madamu, kuti madzi osefukira afikeko ku mitengo ya kugombe pa nyengo yake, ikambidwe pa mphasa imodzi ndi nkhani ya magetsi.

Cacinai, woononga alipire. Mfundo imeneyi ili kale m'lamulo la za cilengedwe la mu 2011. Kampani imene yaipitsa mtsinje, kaya eni ake ndi a dziko liti, ilipire mlimi, msodzi ndi nchito yonse yoyeretsa matope, kufikira mtsinjewo utacira. Cindapusa cocepa kuposa mtengo womangira khoma lolimba cimaphunzitsa eni migodi kuti kugumula n'kochipa.

Cacisanu ndi ca ife eni ake. Si migodi yokha imene imadetsa Kafue. Mapepala apulasitiki, mabotolo ndi mafuta akuda a galimoto amene timataya m'ngalande za pa msika mvula yoyamba imawakokolera kumtsinje, ndipo pulasitiki saola. Lamulo loletsa mapepala apulasitiki opyapyala linaikidwa mu 2018. Makhansala, atsogoleri a misika, aphunzitsi ndi abusa a mipingo aone kuti likusungidwa m'komboni iliyonse.

Abale a ku Chamboli, inu mukudziwa bwino kuposa wina aliyense kuwawa kwa kukhala kunsi kwa munthu wosasamala, pakuti munasenza zidebe cifukwa ca khoma limene simunamange. Mai wa ku Chinde amene amayanika nsomba pa mcenga sakudziwa dzina la komboni yanu, ndipo mwina inu simudzaliona gombe lake. Koma mkuwa umene amuna anu ndi ana anu amakumba umadzera pa madoko a dziko lake, ndipo madzi amene inu mwasambira amathera pakhomo pake. Makolo anati mnzako akapsa ndebvu m'zimire, mawa adzazima zako. Anansi athu anatitsegulira njira ya kunyanja pa masiku a mabvuto. Ife tiwatumizire madzi oyera.