Wosauka si waulesi, tisanamizane

Anthu okhuta ali ndi mawu amene sachedwa kuwatulutsa: "Wosauka ndi waulesi." Amawanena pa wailesi, pa misonkhano, ngakhale pa guwa. Mawu amenewa ndi bodza, ndipo bodzali linatsutsidwa kalekale.

Mu 1945 akatswiri awiri a ku America, Kingsley Davis ndi Wilbert Moore, analemba kuti dziko silingayende popanda ena kulandira zambiri kuposa anzawo. Ati ntchito ngati udokotala zimalira zaka zambiri za sukulu, choncho pamafunika malipiro onona kuti anthu aluso akopeke nazo. Mu 1953 Melvin Tumin anawapanikiza ndi mafunso. Amagamula ndani kuti ntchito iyi ndiyo yofunika kuposa inzake? Nanga luso la mwana amene wasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi lidzaonekera kuti?

Karl Marx anali atafunsa kale funso lopweteka kuposa apa: minda, mafakitale ndi makina zili m'manja mwa yani? Mnzake Friedrich Engels anadzionera yekha ku Manchester anthu okhalira thukuta m'mafakitale a nsalu tsiku lonse, koma ogona m'zithando zonunkha. M'buku la Das Kapital la 1867, Marx anafotokoza kuti wantchito amapanga chuma choposa malipiro ake, ndipo chotsalacho chimalowa m'thumba la mwini fakitale. Ulosi wake woti antchito a m'mayiko olemera adzagwetsa eni chuma sunakwaniritsidwe, ndipo maboma ena otchula dzina lake anapha anthu ochuluka. Koma funso lake lija likadali ndi mano.

Ife sitikusowekera kupita ku Manchester. Agogo athu ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje ankagwira thangata, kulimira mzungu kuti aloledwe kukhala pa malo amene atsamunda anadzitengera. Nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali m'gulu la zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Kodi anthu aja anali aulesi?

Taonani zochitika m'mudzi mwezi wa Januwale. Nkhokwe yatha. Mayi amalawirira m'mamawa ndi khasu paphewa, mwana kumsana, kukapalira munda wa mnzake wopezako bwino kuti alandire kambale ka ufa. Akamabwerako dzuwa lapendeka, thupi latheratu, munda wake womwe udzu wamera thoo. Feteleza alibe. Pofika Epulo akolola matumba ochepa, ena agulitsa motchipa kwa mavenda kuti abweze ngongole, ndipo chaka chamawa abwereranso kuganyu komweko. Mayi ameneyu wagwira ntchito yoposa ambiri a ife amene timakhala m'maofesi.

Max Weber, amene anamwalira mu 1920, anaona kuti chuma chokha sichifotokoza zonse. Palinso ulemu umene anthu amakupatsa, ndi mphamvu za ndale. Aliyense amene anayendapo ndi satifiketi m'envelopu kufunafuna ntchito amadziwa funso lija lakuti "Wakutuma ndani?" Ana awiri akhoza mofanana mayeso, wina ali ndi malume ku boma, wina alibe. Mukudziwa amene alembedwe.

Aulesi alipo, kwa olemera ndi osauka komwe. Koma inu atsogoleri, abusa ndi aphunzitsi, musanatukwane wosauka, mufunseni kukula kwa munda wake, mtengo umene anagulitsira chimanga chake, ndi chifukwa chimene mwana wake anasiyira sukulu.