Mzimba si tomato wa pa Jenda yekha, tatsikaniko basi

Amalawife tili ndi matenda amodzi. Tikangomva zoti malo okopa alendo, maganizo amathamangira kunyanja, ndipo mlendoyo timamuona ali mzungu wa chikwama kumsana. Ine ndikuti ayi. Mlendo woyamba wa Mzimba akhale inuyo amene mumadutsa pa M1 kukapikula katundu ku Tanzania, ndi inu ana a sukulu amene mumaloweza za Zwangendaba kuti mungokhoza mayeso basi.

Ambirinu Mzimba mumaidziwira pawindo la basi. Mwagula tomato ndi anyezi pa Jenda, kenaka tulo. Tauni ya Mzimba simuiona n'komwe poti M1 amailambalala.

Koma pa Jenda pomwepo pali msewu wopita ku Embangweni, ku mishoni ya Loudon yomwe m'busa Donald Fraser wa Livingstonia anatsegula mu 1902. Bambo ameneyu ankalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za m'tchalitchi m'mayimbidwe a kwawo, ndipo zina zikuimbidwabe mu CCAP. Tchalitchi chakale chilipo, chipatala chilipo, sukulu ya ana osamva iliponso. Mukapitirira mufika ku Edingeni, likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Wofuna mphepo yozizira akhote chakum'mawa kwa M1 akaone damu la Luwawa m'nkhalango ya Viphya. Ulendo uliwonse mwa iyi ndi wa tsiku limodzi, bola kulawirira.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi phiri la Hora, kumpoto kwa tauni. Kuyambira 2008 Angoni amasonkhana kumeneko mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Umthetho. Ingoma imavinidwa, nyama imaotchedwa, andale amalankhula mpaka mawu kusasa. Mwambo ukatha aliyense ulendo, phiri n'kukhala lokha miyezi 11. Eti malo a mbiri yotere!

Paphiri limeneli, cha m'ma 1880, Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anakana ulamuliro wa Angoni. Anathawira pamwamba, asilikali n'kuwazinga mpaka ludzu linawatsitsa, ndipo ambiri anaphedwa. Ena amati nkhani yotere isamakambidwe, idzutsa chidani. Chidani chiti? Zidzukulu za mbali zonse ziwiri zinakwatirana kalekale, ndipo Mngoni wa ku Mzimba lero amalankhula Chitumbuka. Mwana wa Fomu 3 akaima paphiripo n'kumva mbali zonse ziwiri, sangadzaiwale ngati zolemba za pabolodi.

Ndikudziwa kuti wina ati ndalama zake zili kuti pomwe mafuta ndi awa, ndipo mvula ikagwa misewu yafumbi imavuta. Zoona. Koma aphunzitsi omwewo amasonkhetsa makolo ndalama za ulendo wa kunyanja, wautali kuposa apa. Ndipo ndalama ya mlendo wa Chimalawi imagwera kwa wakabaza, mayi wophika nsima, mwini resitihausi ndi wogulitsa chipisi, osati kuhotela ya ku Lilongwe.

A khonsolo ya M'mbelwa ndi a Mzimba Heritage Association, sitikupempha bwalo la ndege. Ikani zikwangwani pa Jenda ndi pamphambano yolowera ku Mzimba, mangani zimbudzi pa Hora, phunzitsani achinyamata angapo a m'midzi yozungulira kufotokoza mbiri n'kumalipidwa ndi alendowo. Muchite msanga, poti agogo odziwa nkhanizi akutha, ndipo paini wa ku Viphya naye akutha ndi macheka ndi moto wa chaka ndi chaka.