Tiyi Wochepetsa Thupi Ndi Kutaya Ndalama

Aphunzitsi anzanga ndi inu ophunzira anga akale, kale kuno ku Chileka munthu akaonda ankamunena kuti ali ndi kaliwondewonde. Lero ambiri akuthamangira tiyi wochepetsa thupi wotsatsidwa pa WhatsApp.

Nkhawa yawo ndi yomveka. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse m'Malawi anali onenepa mopitirira muyezo. Koma tiyi wambiri wotereyu amangotsegula m'mimba. Otuluka ndi madzi, mafuta amatsala, ndipo thupi silichedwa kubwerera mwakale.

Ine ndikuti chepetsani mitanda ya nsima, sankhani mgaiwa, siyani Fanta ndi tchipisi cha pachiwaya. Mpiru ndi bonongwe n'zotchipa pamsika wa Lirangwe. Ulendo ukakhala waufupi yendani wapansi, kabaza adutse.